Makaroni a tchizi: mgonero wokwanira banja lonse

Munthu wodziwa kuphika phala lopanda timibulu wadziwa kale mbali yaikulu ya makaroni a tchizi. Ambiri amachiopa chakudyachi, amati n'cha m'mahotela ndipo chimafuna uvuni wamagetsi ndi ziwiya zachilendo. Ayi ndithu. Chimafuna dzanja lofatsa pamthiko, moto wochepa, ndi kudziwa nthawi yophula poto. Ndachiphikapo pa stovu yamagetsi, ndachiphikaponso pambaula magetsi atazima, ndipo konseko chinakoma.

Anandiphunzitsa ndi azakhali anga, amene anagwira ntchito yophika m'nyumba ina ku Johannesburg kwa zaka zambiri. Ku South Africa chakudyachi n'chapanyumba, ana amachidya pobwera kusukulu, ndipo kawirikawiri amayala tomato wodula pamwamba asanachilowetse mu uvuni. Ulendo woyamba kuphika ndekha ndinakhuthulira tchizi yense mumsuzi ukubwata pamakala ofiira. Mphindi imodzi isanathe, mafuta achikasu anayandama pamwamba, pansi pakhala zinthu zonga chambiko chodukaduka, zomveka ngati mchenga palilime. Zinandipweteka mtima chifukwa tchizi uja ndinamugula ndi ndalama zosungira. Azakhali anasuzumira m'potomo, anatenga supuni n'kulawa, kenaka anati, "Mwana wanga, tchizi saphika, amangomusungunula. Phula kaye poto, uwerenge pang'onopang'ono mpaka makumi atatu, ndiye uthire." Ndinafunsa kuti, "Nanga azakhali, uyu titaye?" Iwo anakana, tinadyera limodzi chomwecho, koma phunzirolo linandilowa mpaka lero.

Kwawo kwa chakudyachi ndi ku Ulaya. Makaroni ndi a ku Italy, msuzi woyera wa batala, fulawa ndi mkaka Afalansa amautcha béchamel, ndipo ukathiridwa tchizi amati Mornay. Ku England mayi wina wa ku Manchester, Elizabeth Raffald, anasindikiza kaphikidwe ka makaroni ndi tchizi m'buku lake la zophikaphika m'chaka cha 1769. Ku America dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la James Hemings, munthu wakuda amene anali kapolo wa Thomas Jefferson, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo. Jefferson anamutengera ku Paris mu 1784, kumene anaphunzira kuphika kwa Afalansa, ndipo atabwerera ankaphika kunyumba kwa Jefferson ku Monticello, m'dera la Virginia. Mpaka pano m'mabanja ambiri a anthu akuda a ku America, makaroni a tchizi owotcha mu uvuni sasowa patebulo pa chikondwerero chothokoza cha chaka ndi chaka chotchedwa Thanksgiving, ndipo amene amapatsidwa ntchito yowaphika ndi munthu wodalirika pabanjapo. Kampani ya Kraft inayamba kugulitsa a m'kabokosi, okhala ndi tchizi waufa, mu 1937. Amenewo ndi achangu, koma kukoma kwake n'kwina. Ife pano tikuphika kuyambira pachiyambi.

Zoti mugule

Muyezo uwu ukukwanira anthu 6 akuluakulu, kapena 8 ngati pali ana komanso ndiwo zina pambali. Mufunika paketi imodzi ya makaroni ya magalamu 500, tchizi wa magalamu 350 mpaka 400, lita imodzi ya mkaka, batala kapena majarini magalamu 60 (masupuni aakulu 4), fulawa magalamu 60 (pafupifupi theka la kapu ya mamililita 250), mchere, tsabola wakuda wopera, ndi buledi wogona masilayisi awiri kapena atatu. Anyezi mmodzi wamng'ono, tomato awiri olimba ndi supuni yaing'ono ya mustard (chokometsera chachikasu cholumaluma) n'zowonjezera. Zikapezeka zimathandiza, zikasowa musadandaule.

Pa tchizi ndiye ndichedwepo, chifukwa ndi amene amadya ndalama. Kuti apange kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba pamalowa malita pafupifupi 10 a mkaka, ndiye musadabwe ndi mtengo wake. Wabwino kwambiri pa chakudya ichi ndi Cheddar, amene dzina lake linachokera ku mudzi wa Cheddar ku Somerset, ku England. Mukaona palembedwa kuti mature, ndiye kuti wasungidwa miyezi yambiri ndipo kukoma kwake n'kwamphamvu, kotero wochepa amamveka m'poto monse. Amene palembedwa mild ndi wanthete, amasungunuka bwino koma samveka kwambiri m'kamwa. Gouda, wa dzina la tauni ya ku Netherlands, amasungunuka mosalala ndipo ana amamukonda chifukwa saluma lilime. Ine ndimasakaniza magawo awiri a Cheddar ndi gawo limodzi la Gouda. Mozzarella amananda ngati therere mukamapakula, zokongola m'maso, koma payekha alibe kukoma, ndiye ngati mumufuna muzingomuwaza pamwamba. Mtundu wa tchizi usakunyengeni. Cheddar wofiirira ngati lalanje amangothiridwa utoto wochokera ku njere za chomera chotchedwa annatto, sikuti ndi wonona kuposa woyera.

Gulani wa chibuluma n'kudzapala nokha kunyumba. Wopala kale wa m'mapaketi amamuwaza kaufa kuti asamatane m'sitolo, ndipo kaufako nthawi zina kamalepheretsa msuzi kusalala. Komanso mtengo wake umakhala wokwera. Tchizi wa timapepala topyapyala tokulungidwa m'pulasitiki, uja amaika m'buledi, musamunyoze. Payekha sakwanira, koma masilayisi awiri kapena atatu mumsuzi amagwira ntchito yaikulu, chifukwa popanga amathiramo mchere wina wapadera umene umagwirizanitsa mafuta ndi madzi kuti zisalekane.

Mkaka ukhale wonona, uja amati full cream. Wa m'mabokosi wokhalitsa uli bwino. Waufa ulinso bwino, musungunule m'madzi monga alembera pachitini mpaka ukwane lita. Ngati mwagula wa m'chigubu kwa mlimi wa ng'ombe, uwiritseni kaye bwinobwino n'kuusefa. Zoyeretsera tiyi monga Cremora si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi shuga wina, ndiye m'poto muno zisalowe. Chambiko nachonso ayi, chimaduka chikangomva moto. Majarini sankhani wolimba wa chibuluma wophikira makeke, chifukwa wofewa wopaka pabuledi uja amakhala ndi madzi ambiri.

Pa paketi ya makaroni yang'anani mawu oti durum. Ndi mtundu wa tirigu wolimba, ndipo makaroni ake sasanduka phala msanga. Opindika ngati chigongono ndiye achizolowezi, koma alionse aafupi okhala ndi bowo kapena mizere amatha, poti msuzi umalowa m'mabowomo. Supageti musiyeni tsiku lina.

Konzani zonse moto usanayake

Msuzi ukayamba sulola kuti muchoke pamoto, ndiye zonse zikhale pafupi. Palani tchizi akadali wozizira, chifukwa akafunda amamatirira pachopalira. Chitsulo choboolaboola chimene mumapalira karoti wa saladi chikwanira. Ngati mulibe, mudulenidule ndi mpeni tizidutswa tating'ono ngati njere za chimanga. Patulani dzanja limodzi lodzaza, pafupifupi magalamu 80, kuti mudzawaze pamwamba. Buledi wogona mufikiseni m'manja kapena mumupale mpaka akhale nyenyeswa, n'kusakaniza ndi supuni imodzi ya batala wosungunula. Pakani mafuta mbale yowotchera kapena sefuliya imene mudzagwiritse ntchito. Ngati muli ndi uvuni, uyatseni tsopano pa madigiri 180.

Mkaka ufunditseni mu poto wina. Ine ndimaponyamo anyezi wodula pakati kuti fungo lake lilowe mumkaka, ndikamadzathira ndimamuvuula. Usawire, ungofunda kufika poti chala chikhoza kupirira.

Mukafuna kudya 7 koloko madzulo, yambani cha m'ma hafu pasiti 5. Ntchito yeniyeni ndi ya mphindi 40, kuwotcha mphindi 25, kupumitsa mphindi 10, zotsalazo n'zotsukira ziwiya ndi kukonza ndiwo zamasamba.

Kuwiritsa makaroni

Tengani poto wamkulu amene muli naye, muthire madzi malita 4. Akawira kwambiri thiranimo mchere supuni yaikulu imodzi yodzaza. Ukuoneka wambiri, koma wochuluka upita ndi madzi, ndipo ino ndi nthawi yokhayo imene mchere ungalowe m'kati mwa makaroni. Khuthulirani makaroni, mutakase nthawi yomweyo ndiponso pakapita mphindi imodzi, poti ndi pamene amakonda kumatana ndi kukakamira pansi. Mafuta ophikira musathire m'madzimo, amangoyandama.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa tinazolowera kuti chakudya chipse mpaka chifewe. Yang'anani mphindi zimene alemba papaketi, inu muchotsepo ziwiri. Akati 10, phulani pa 8. Lumani limodzi. Likhale lofewa kunja koma lolimbirako pakati, loti dzino limve. Makaroniwa akapitiriza kupsa mu uvuni akumwa msuzi, ndiye mukawapsetsa pano mudzapakula phala. Musanakhuthule madzi, tungani kapu imodzi muike pambali. Madzi otuwawo ali ndi kaufa kochokera m'makaroni ndipo adzakuthandizani ngati msuzi walimbitsa. Khetsani madzi onse pa sefa kapena popendeketsa poto ndi chivundikiro, mutakasemo kabatala pang'ono kuti asamatane, muvundikire. Musawatsuke ndi madzi ozizira, mungachotse kaufa kamene kamathandiza msuzi kumamatira.

Msuzi woyera

Pano ndiye pagona nkhani. Ophika m'mahotela amati white sauce, koma ndi phala ndithu, phala la fulawa ndi mkaka. Kusiyana kwake n'kwakuti ufa umayamba wakazingidwa m'mafuta usanakumane ndi chamadzi.

Sankhani poto wokhuthala pansi. Wopyapyala amapsereza mkaka musanazindikire. Moto ukhale wapakati. Ngati ndi mbaula, dikirani makala ayere phulusa, kapena chotsaniko ena. Sungunulani batala. Akayamba kuchita thovu, khuthulirani fulawa yense n'kutakasa ndi mthiko. Zigwirana n'kukhala ngati chiponde chofewa. Pitirizani kutakasa kwa mphindi ziwiri. Nunkhizani. Poyamba pamamveka fungo la ufa wauwisi, kenaka limasintha n'kumamveka ngati mabisiketi akupsa. Fungo limenelo likafika, ufa wapsa. Mtundu wake ukhalebe wachikasu chotuwa, usafiire. Mukadumpha mphindi ziwirizi, msuzi wonse udzamveka ufa, ndipo tchizi ngakhale wodula bwanji sadzabisa.

Tsopano mkaka. Musakhuthule wonse nthawi imodzi. Thirani theka la kapu n'kutakasa mwamphamvu. Muona zikuuma, zikugwirana ngati nsima, mwinanso mtima ugunda kuti mwaononga. Simunaononge, ndi mmene zimakhalira. Thyakulani mpaka zisalale, muthirenso theka la kapu, muthyakulenso. Ulendo wachitatu ndi wachinayi ziyamba kumasuka n'kukhala ngati phala lolimba. Zikafika pamenepo mukhoza kuthira mkaka wotsala mochulukirapo, dzanja lina likuthira, lina likutakasa. Mthiko uzifika pansi ndi m'makona a poto, chifukwa ufa umabisala mmenemo n'kupserera. Amene ali ndi chomenyera mazira chawaya achigwiritse ntchito, chimaphwanya timibulu msanga.

Mkaka wonse ukalowa, msuzi uoneka wamadzimadzi. Musaonjezere ufa. Ufa wa tirigu umatupa msuzi ukayandikira kuwira, ndiye pitirizani kutakasa modekha kwa mphindi 5 mpaka 8. Muyamba kumva mthiko ukulemera, kenaka timathovu tiphulika m'mbali. Usiyeni ubwate pang'onopang'ono kwa mphindi zina ziwiri. Kuti mudziwe ngati wafika, viikani supuni, muitembenuze, mulembe mzere ndi chala kumsana kwake. Mzerewo ukakhala osafufutika, msuzi wapsa. Ukhale ngati phala la mwana woyamba kumene kudya, lothirika mosavuta, osati lolimba ngati la akuluakulu. Kumbukirani kuti tchizi adzaulimbitsa ndipo makaroni adzamwako.

Timibulu tikakukanikani, musataye mtima. Phulani poto, musefe msuziwo pa sefa ya tiyi kapena ya ufa mukukanikiza ndi supuni, mubwezere pamoto. Ukapserera pansi, musakande. Tsanulirani wapamwamba mu poto wina mwakachetechete, wopsererawo utsale.

Thiranimo mustard, tsabola wakuda theka la supuni yaing'ono, ndi mchere pang'ono chabe. Mustard samveka m'chakudya chikapsa, ntchito yake ndi kudzutsa kukoma kwa tchizi. Mchere wambiri dikirani kaye chifukwa tchizi ali ndi wake.

Ndiye phulani poto. Muikeni pansi kapena pathabwa, kutali ndi moto, muwerenge mpaka makumi atatu monga anandiuzira azakhali. Chifukwa chake n'chakuti tchizi ndi mafuta ndi madzi zogwiridwa pamodzi ndi mapuloteni a mkaka. Kutentha kukapitirira, mapuloteniwo amakhwinyata n'kufinya mafuta kunja, monga mmene nyama imakhwinyatira pamoto waukulu. Zikatero sizibwereranso bwinobwino. Kutentha kotsala mumsuzi n'kokwanira kumusungunula. Thirani dzanja limodzi, mutakase mpaka asowe, muthire lina, chomwecho mpaka athe. Msuzi usanduka wachikasu, wonyezimira, woyenda mosalala pa mthiko. Lawani tsopano. Uzimveka mchere mopitirira pang'ono mmene mumafunira, chifukwa makaroni akalowa kukoma kuchepa. Ngati mwaona timadontho ta mafuta tikuyamba kutuluka, thirani masupuni awiri a mkaka wozizira n'kutakasa mwamphamvu, kawirikawiri umabwerera.

Kusakaniza ndi kuwotcha

Khuthulirani makaroni mumsuzi, mutembenuze mpaka lililonse livale. Pakhale msuzi wooneka wochuluka, moti mukakoka mthiko pakati njira izitsekeka yokha. Ngati zauma, thirani madzi a makaroni amene munasunga aja pang'onopang'ono. Zimene zikuoneka zoyenera pano zidzakhala zouma zikatuluka mu uvuni, zimene zikuoneka zamadzi pang'ono ndiye zidzakhala bwino.

Mukhoza kudya pompano, ndipo masiku otopa ine ndimathera pomwepa. Koma pa mgonero wa banja ndimakonda kuwotcha, chifukwa cha chikhokho cha pamwamba chija. Ana amachilimbirana ngati nkhoko za nsima.

Tsanulirani mu mbale yopaka mafuta ija, musalaze pamwamba osakanikiza. Wazani tchizi amene munapatula. Ngati mukufuna tomato, muduleni mopyapyala mozungulira, muyale pamwamba motalikirana, muwaze kamchere. Tomato akhale wolimba, wakupsa kwambiri amatulutsa madzi n'kunyowetsa chikhokho. Malizani ndi nyenyeswa za buledi. Lowetsani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 20 mpaka 25, osavundikira. Mudziwa kuti zapsa pamwamba pakafiirira ndipo m'mbali mukubwata. Musapitirize mphindi 30, msuzi ungaume ndipo mafuta angalekane.

Kwa amene alibe uvuni, kapena magetsi azima muli pakati pa ntchito, chitani monga timachitira ndi chigumu. Zonse zikhale mu sefuliya yopaka mafuta, muvundikire ndi chivundikiro chachitsulo chophwatalala kapena chidutswa cha lata choyera. Makala ambiri aikeni pamwamba pa chivundikirocho, pansi musiye ochepa kwambiri okutidwa ndi phulusa. Zam'katizo zapsa kale, chimene mukufuna ndi moto wochokera kumwamba woti ufiiritse tchizi ndi buledi. Pakati pa chakudya ndi chivundikiro pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Pakatha mphindi 10 nyamulani chivundikiro mosamala, mukuchipendeketsa kumbali kuti phulusa lisagweremo, muone mmene zikuyendera. Mbali ina ikafiira msanga, sunthani makala. Nthawi zambiri mphindi 15 mpaka 20 zimakwana. Mbaula ikhale panja kapena pakhonde podutsa mpweya. Makala amatulutsa mpweya woipa umene sununkha koma umapha m'nyumba yotseka.

Njira ina yachidule ndi kukazinga nyenyeswa za buledi m'chiwaya ndi batala mpaka zifiire, n'kuziwaza pamwamba pa makaroni otentha popakula. Si zofanana ndendende ndi zowotcha, koma kukhuchuka kuja kumapezeka.

Zikatuluka, zisiyeni zipume mphindi 10. Ndikudziwa kuti fungo limakhala litadzaza nyumba ndipo ana aima kale ndi mbale, koma mukapakula nthawi yomweyo msuzi umayenderera pansi, komanso tchizi wotentha amawotcha m'kamwa mwa mwana moipa. Zikapuma zimagwirana, chipande chimatuluka ndi mtanda wooneka bwino.

Tchizi akachepa

Si mwezi uliwonse umene munthu angagule magalamu 400. Ndi magalamu 200 mukhoza kuphikabe chakudya chabwino, bola tchiziyo akhale Cheddar wokhwima. Kazingani anyezi wodula bwino mu batala mpaka afewe musanathire fulawa, kuti msuzi ukhale ndi kukoma kwakekwake. Magawo atatu a tchizi alowe mumsuzi, limodzi pamwamba. Kenaka menyani mazira awiri m'mbale, muthiremo masupuni atatu a msuzi wotentha mukutakasa kuti mazirawo azolowere kutentha, ndiye mubwezere zonse mu poto wophula uja. Mukawaswera mwachindunji mumsuzi wotentha apsa nthawi yomweyo n'kukhala zidutswa. Makaroni a mazira ayenera kuwotchedwa ndithu kuti mazirawo apse, ndipo amatuluka olimba, odulika ndi mpeni ngati keke. Umu ndi mmene amakondera ku Trinidad ndi ku Barbados, zilumba za ku Caribbean, kumene amati macaroni pie, ndiye musaone ngati mwaphika chosakwanira.

Mukhozanso kuonjezera zina kuti poto akule. Soseji yokazinga yodula timagawo, nyama yogaya yokazinga ndi anyezi, nkhuku yotsala dzulo yonyotsola, bowa wokazinga mpaka madzi ake aume, kapena sipinachi wofutsa n'kumufinya. Lamulo ndi limodzi, chilichonse cholowamo chikhale chophika kale ndiponso chouma. Chamadzi chimasukulutsa msuzi.

Patebulo

Chakudyachi n'cholemera, chonona, ndipo chimafuna mnzake wopepuka. Saladi ya kabichi ndi karoti yothira mandimu imayenda nacho bwino kuposa ya mayonesi, chifukwa kuwawasa kumatsuka mafuta m'kamwa. Tomato ndi anyezi zaziwisi zothira kamchere, repu kapena mpiru wokazinga pang'ono, zitheba zofutsa, zonsezi zimagwirizana nacho. Nkhuku yowotcha ikakhalapo ndiye phwando lakwana. Akuluakulu okonda tsabola aikireni botolo la Nali kapena kambuzi pambali, aliyense adzithirira yekha, m'poto musaike chifukwa cha ana.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaganizira ndikamaphikira banja lathu. Choyamba, achikulire ambiri sawerengera kuti adya ngati nsima sinaoneke. Apongozi anga aamuna nditawapakulira koyamba anadya bwino, anayamikira, kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, kodi madzi a nsima mwatereka kale?" Kuyambira tsiku limenelo akabwera ndimaphika kansima pang'ono ndi ndiwo zake, makaroni ndimawaikira pambali m'kambale kakang'ono, ndipo amamaliza zonse ziwiri mosangalala. Chachiwiri ndi m'mimba. Anthu akuluakulu ambiri kuno ku Africa matupi awo sagaya bwino shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, ndipo akamwa mkaka wambiri mimba imadzaza mpweya, imapotokola, ena amatsegula. Cheddar wokhwima ali ndi lactose wochepa kwambiri, koma lita ya mkaka ili mumsuzi ija ili naye wambiri. Ngati pali wina amene mumadziwa kuti mkaka umamuvuta, mupakulireni pang'ono ndi ndiwo zambiri, kapena gwiritsani ntchito mkaka wolembedwa lactose free ngati ukupezeka kumene mumagula. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi akumbukirenso kuti tchizi ali ndi mchere wambiri.

Zotsala

Chakudya cha mkaka sichichedwa kuonongeka, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Chisakhale panja kupitirira maola awiri chiphikireni. Chikazizira chivundikireni n'kuchiika mufiriji, mmene chingakhale masiku atatu. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi sakudalirika sabata imeneyo, phikani theka la muyezo kuti chithe usiku womwewo, kapena patsiraniko anansi chikadali chotentha. Musachigoneke pa shelefu kuti ana adzatengere kusukulu mawa.

Potenthetsa, muona kuti zauma ndi kugwirana chifukwa makaroni amwa msuzi usiku wonse. Ikani mu poto, muthire mkaka masupuni atatu kapena anayi pa mbale iliyonse, muvundikire, moto ukhale wochepa kwambiri. Takasani mwa apo ndi apo mofatsa kuti makaroni asaphwanyike, mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni. Tenthetsani zokhazo zimene mudye, zisabwerere mufiriji kachiwiri. A mazira aja ndimakonda kuwadula timagawo n'kuwakazinga m'chiwaya ndi kabatala, mbali iliyonse mphindi zitatu, mpaka kunja kufiire.

Ngati mukuyembekezera alendo ndipo mukufuna kukonzeratu m'mawa, chitani zonse mpaka posakaniza, koma muonjezere theka la kapu ya mkaka mumsuzi ndipo makaroni muwaphule mphindi zitatu zisanakwane zolembedwa papaketi. Zikazizira ziikeni mufiriji zovundikira, tchizi wa pamwamba ndi nyenyeswa za buledi mudzawaze nthawi yowotcha. Tulutsani mbale mphindi 30 isanalowe mu uvuni, makamaka ngati ndi yagalasi, chifukwa galasi lozizira likakumana ndi moto mwadzidzidzi limasweka. Powotcha onjezerani mphindi 10, ndipo musanaitane anthu bayani mpeni pakati, muugwire kunsonga kuti mumve ngati watuluka wotentha.